Mafunso ndi Mayankho: Kukacheza ku Belgian Beer World mu Mzinda wa Brussels

Anthu amene akukonza ulendo wa ku Belgium, kaya wa ntchito, wa maphunziro kapena wokaona abale, amafunsa kawirikawiri za malo oonetserako mbiri ya mowa amene ali pakati pa mzinda wa Brussels. Mafunso amene amabwera mobwerezabwereza tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufotokoza mozama.

Kodi Belgian Beer World ndi chiyani, ndipo ili pati?

Belgian Beer World ndi malo ophunzitsa alendo za mbiri ya mowa wa ku Belgium, kafululidwe kake ndi miyambo ya kamwedwe kake. Malowa anatsegulidwa mu Sepitembala 2023, ndipo ali m'zipinda zam'mwamba za nyumba yakale imene kunkachitikira malonda a masheya, yomwe olankhula Chifalansa amaitcha La Bourse pamene olankhula Chidatchi amati Beurs. Nyumbayi ili pa Place de la Bourse, m'mbali mwa msewu waukulu wa Boulevard Anspach, ndipo kuchokera pamenepo kukafika pabwalo lotchuka la Grand-Place ndi mtunda woyenda pansi mphindi zosapitirira zisanu.

Muyenera kudziwiratu kuti malowa si fakitale yofululira mowa. Simukapeza miphika ikuwira kapena antchito akudzaza mabotolo. Chimene mukapeza ndi chionetsero chokonzedwa kuti munthu amvetse chifukwa chake dziko laling'ono chotere lili ndi mitundu ya mowa yambiri chonchi.

N'chifukwa chiyani dziko lingapereke nyumba yaulemu chotere ku nkhani ya mowa?

Kwa anthu a ku Belgium, mowa ndi gawo la chikhalidwe chawo monga momwe zilili chakudya ndi chinenero. Pa 30 Novembala 2016, pamsonkhano umene unachitikira ku Addis Ababa, bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa miyambo yamoyo ya anthu yoyenera kusungidwa. Mndandandawu ndi womwewo umene pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza, ndiponso umene mwambo wophika nsima wa ku Malawi unalembedwapo mu 2017. Zimene UNESCO inavomereza si chakumwacho pachokha ayi, koma luso la ofulula, kuchuluka kwa mitundu yake yomwe inawerengedwa kuti ndi pafupifupi 1,500, kagwiritsidwe ntchito kake pophika, ndi momwe luso limeneli limapatsidwira kwa achinyamata.

Mbiri yake ili ndi zokwera ndi zotsika. Cha m'ma 1900 m'dzikoli munali malo ofululira mowa opitirira 3,000, kutanthauza kuti pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi ake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a Germany analanda miphika yamkuwa ya ofulula ambiri kuti akapangire zida, ndipo ambiri mwa iwo sanathenso kuyambiranso. Nkhondo yachiwiri ndi kukula kwa makampani akuluakulu zinachepetsanso chiwerengerocho, mpaka mitundu ina ya mowa inatsala pang'ono kuiwalika. M'zaka zaposachedwapa ofulula ang'onoang'ono ayambanso kuchuluka, ndipo tsopano alipo mazana angapo.

Ndikafikako bwanji?

Ngati mwatsikira pa siteshoni ya sitima ya Brussels-Central, yendani pansi motsetsereka kudutsa pa Grand-Place. Ulendowu ndi wa mphindi khumi. Sitima zapansi pa nthaka za nambala 1 ndi 5 zimaima pa De Brouckère, ndipo palinso siteshoni ya tiramu yotchedwa Bourse pafupi ndi khomo lenileni. Musavutike ndi galimoto, chifukwa chigawo chimenechi cha Boulevard Anspach chinasiyidwira oyenda pansi kuyambira mu 2015. Nyumbayo simungaiphonye: kutsogolo kwake kuli nsanamira zikuluzikulu, masitepe otakata amene anthu amakonda kukhalapo, ndi ziboliboli ziwiri za mikango.

Amene akuchokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa ndi pasipoti ya dziko lawo amafunika viza ya Schengen kuti alowe m'Belgium, ndipo ndalama yogwiritsa ntchito kumeneko ndi euro.

Kodi tikiti ndigule pasadakhale, nanga ndipatule nthawi yaitali bwanji?

Ndi bwino kugula tikiti pa intaneti musananyamuke, makamaka ngati mukupita Loweruka, Lamlungu kapena m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti pamene alendo amachuluka. Pogulapo onaninso maola otsegulira a tsiku limene mwasankha. Tikiti ya munthu wamkulu imaphatikiza chakumwa chimodzi cholawa pamapeto pa ulendo, monga tafotokozera pa funso la padenga.

Ambiri amatha ola limodzi ndi theka. Ngati ndinu munthu wowerenga chilichonse cholembedwa pakhoma, patulani maola awiri, kenako onjezerani nthawi yokhala pa bala ya padenga la nyumbayi. Holo yaikulu ya pansi ndi yotsegukira aliyense popanda kulipira, choncho mnzanu amene sakufuna kulowa m'chionetsero angathe kukudikirani mmenemo osati panja pamphepo.

Amati ndi malo oti mlendo amachita nawo zinthu. Kwenikweni mkatimo mumachitika chiyani?

M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale mlendo amangoyang'ana zinthu zili m'magalasi, manja ali kumbuyo. Kuno akonza mosiyana. Mumayenda nokha pa liwiro lanu, mumadina ndi kukhudza zoonetsera, mumayankha mafunso, mumamvetsera ndi kuonera mafilimu afupiafupi. Ulendowu umayambira pa mbiri, kuchokera m'nthawi imene amonke ndi magulu a amisiri a m'mizinda ankayang'anira kafululidwe, kenako umafika pa zopangira mowa ndi njira zake.

Zinthu ziwiri ndi zimene alendo amazikumbukira kwambiri. Choyamba ndi chipinda chonga bwalo la kanema chimene chaperekedwa ku yisiti, momwe zithunzi zimakuzungulirani ngati kuti mwalowa mkati mwa thanki imene mowa ukuwira. Kwa ife tikuona kuti apa ndiye pamtima pa chionetsero chonse, ndipo wodutsapo mothamanga waphonya phunziro lalikulu, chifukwa kusiyana kwa mowa wa ku Belgium kumachokera kwambiri pa kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso kameneka. Chachiwiri chili chakumapeto, pamene kompyuta imakufunsani za zokonda zanu, kaya zotsekemera, zowawa, zowawasa kapena za fungo la zipatso, n'kukuuzani mtundu wa mowa umene ungakuyenereni. Yankhani moona mtima, osati mongofuna kuoneka wodziwa, chifukwa yankho limenelo ndi limene lingakutsogolereni posankha cholawa.

Sindidziwa Chifalansa kapena Chidatchi. Kodi ndikamva?

Inde. Mzinda wa Brussels umagwiritsa ntchito zinenero ziwirizi pa zikwangwani zonse, koma zofotokozera za m'chionetserochi ziliponso m'Chingerezi. Chokhacho chimene chingakusokonezeni n'chakuti malo amodzi amakhala ndi maina awiri, monga Bourse ndi Beurs, Grand-Place ndi Grote Markt, kapena Senne ndi Zenne.

Mowa wa ku Belgium amaufulula ndi chiyani? Kodi pali kufanana ndi wa kwathu?

Zopangira zazikulu ndi zinayi: madzi, chimera, hops ndi yisiti. Aliyense amene anaonapo agogo akunyika mawere kapena mapira m'madzi, kuwavundikira mpaka atamera timizu, kuwayanika padzuwa ndi kuwapera kuti apeze chimera cha thobwa kapena cha masese, wamvetsa kale theka la zimene akaone ku Brussels. Kusiyana n'kwakuti kumeneko mbewu yake kwenikweni ndi balere, nthawi zina kuphatikizapo tirigu, ndipo chimeracho amachiumitsa ndi moto woyezedwa bwino. Chikaumitsidwa pang'ono mowa umakhala wotuwa ngati udzu wouma. Chikakazingidwa kwambiri umada ndi kumveka fungo la khofi kapena la shuga wopserera.

Chimera choperacho amachisakaniza ndi madzi otentha kuti ufa wake usanduke shuga, kenako amasefa, ndipo madzi otsekemerawo amawawiritsa pamodzi ndi hops. Hops ndi maluwa a chomera choyanga, amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo komanso amauteteza kuti usaonongeke msanga. Ku Belgium amalimidwa makamaka kuzungulira tauni ya Poperinge, kumadzulo kwa dzikolo. Asanayambe kugwiritsa ntchito hops, ofulula ankathira msakanizo wa zitsamba wotchedwa gruit, ndipo banja limene linali ndi ufulu wougulitsa ku Bruges linalemera kwambiri moti nyumba yake, Gruuthuse, ilipo mpaka lero.

Ofulula a ku Belgium sanadzimange ndi lamulo loletsa kuonjezera zinthu zina monga anachitira anzawo a ku Germany. N'chifukwa chake mumapeza mowa wothiridwa shuga, makoko a malalanje, zokometsera kapena zipatso.

Amakamba za njira zinayi za kawiridwe ka mowa. Ndi ziti?

Madzi otsekemera aja akazizira amafunika yisiti kuti idye shuga ndi kumusandutsa ukali wa mowa ndi mpweya. Njira zinayizo zimasiyana pa mtundu wa yisiti ndi kutentha kwake.

Yoyamba ndi yowiritsa pozizira, pamene yisiti imagwira ntchito pang'onopang'ono n'kukhazikika pansi pa thanki. Imatulutsa mowa woyera, wopepuka, umene a ku Belgium amautcha pils, monga Jupiler ndi Stella Artois, ndipo ndi wa banja limodzi ndi mowa wa m'mabotolo umene ambiri anauzolowera kwathu. Yachiwiri ndi yowiritsa pofunda, pa madigiri 15 mpaka 25, pamene yisiti imayandama pamwamba ndi kusiya fungo longa la nthochi, mapeyala kapena zokometsera. Mowa wa amonke ndi mitundu yambiri yotchuka ili m'gulu limeneli. Yachitatu ndi yodziwirira yokha, imene tailongosola pa funso lotsatirali. Yachinayi ndi yosakaniza: mowa umawira ndi yisiti wamba, kenako umakhala miyezi yambiri m'migolo ikuluikulu yamatabwa momwe tizilombo tina timaupatsa kuwawasa, ndipo pomaliza wakale amausakaniza ndi watsopano. Chitsanzo chodziwika ndi mowa wofiirira wa Rodenbach wa ku Roeselare.

Palinso chizolowezi china chofala kwambiri: podzaza m'botolo amaonjezera shuga pang'ono ndi yisiti kuti mowa upitirize kuwira mkati. Mukaona nsenga pansi pa botolo musaganize kuti mowawo waonongeka.

Kodi lambic, gueuze ndi kriek ndi chiyani?

Lambic ndi mowa wa m'dera la Brussels lenilenilo, wochokera m'chigwa cha mtsinje wa Senne ndi m'midzi ya Pajottenland kumadzulo kwa mzindawu. Wofulula sathiramo yisiti. Akamaliza kuwiritsa madzi a chimera cha balere ndi tirigu wosameretsa, pamodzi ndi hops wokalamba amene fungo lake linatha kale, amawapopera m'chipinda cha pansi pa denga n'kuwathira m'chibeseni chachikulu, chotakata koma chosazama, kawirikawiri chamkuwa. Mazenera amawasiya otsegula usiku wonse. Nthunzi imadzaza chipindacho, mphepo yozizira imalowa, ndipo yisiti ndi tizilombo ta mumpweya ndi ta m'matabwa a nyumbayo timagwera mmenemo. Kukacha amathira madziwo m'migolo, momwe amakhala chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Imodzi mwa yisiti zimenezi inapatsidwa dzina la mzindawu, Brettanomyces bruxellensis. Ntchitoyi imachitika m'miyezi yozizira yokha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, chifukwa nyengo yotentha imabweretsa tizilombo toononga.

Gueuze amaipanga posakaniza lambic wachaka chimodzi ndi wa zaka ziwiri kapena zitatu, n'kumutsekera m'botolo la chitsekerero chomangidwa ndi waya. Shuga wotsalira mu wamng'onoyo amayambitsanso kuwira, ndipo mowawo umatuluka wathovu, wouma kukhosi ndi wowawasa. Luso lonse lili pa lilime la wosakanizayo, amene amalawa mgolo uliwonse asanasankhe. Kriek ndi lambic amene anyikamo matcheri owawasa kwa miyezi ingapo, ndipo faro ndi wothiridwa shuga. Mukaona mawu akuti oude pa botolo, monga Oude Geuze kapena Oude Kriek, dziwani kuti ndi wopangidwa m'njira yakale imene malamulo a European Union amaiteteza, osati wotsekemeretsedwa.

Wolawa koyamba amadabwa, ndipo ena amakwinya nkhope. Komabe munthu amene anakulira pa thobwa logona kapena maheu owawasa sachedwa kuuzolowera, pakuti lilime lake limadziwa kale kuti kuwawasa si kuonongeka.

Mowa wa Trappist ndi wa abbey zimasiyana bwanji?

Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Trappist si mtundu wa kakomedwe koma chizindikiro cha kumene mowa wachokera. Kuti botolo likhale ndi chidindo cha makona asanu ndi limodzi cholembedwa Authentic Trappist Product, mowawo uyenera kufululidwa mkati mwa mpanda wa nyumba ya amonke a chipani cha Trappist, moyang'aniridwa ndi amonkewo, ndipo phindu lake liyenera kupita ku zosowa za nyumbayo ndi ku ntchito zachifundo. Ku Belgium nyumba zotere zilipo zisanu: Chimay, Orval ndi Rochefort kum'mwera, Westmalle ndi Westvleteren kumpoto. Yachisanu ndi chimodzi, Achel, inataya chidindochi mu 2021 amonke omaliza atachokako. Amonke a ku Westvleteren amafulula wochepa dala, ndipo wofuna kugula kawirikawiri amalembetsa pa intaneti n'kukautenga yekha pachipata.

Mowa wa abbey, monga Leffe, Grimbergen ndi Affligem, umatenga dzina la nyumba ya amonke koma umafululidwa ndi kampani. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi woipa. Kungoti chithunzi cha mmonke pa botolo si umboni woti mmonke anaugwirapo.

Nanga maina awa a dubbel, tripel, witbier ndi saison?

Dubbel ndi wakuda mofiirira, wokoma ngati zipatso zouma, wa ukali pafupifupi 7 peresenti. Tripel ndi wooneka ngati golide, ndipo maonekedwe akewo amanyenga chifukwa ndi waukali kuposa dubbel. Wa ku Westmalle, umene unayamba kufululidwa mu 1934 ndipo ena onse amatengerako chitsanzo, uli ndi 9.5 peresenti.

Witbier ndi mowa wa tirigu, wotuwa ngati mtambo, wothiridwa njere za coriander ndi makoko a malalanje. Nkhani yake imaonetsa momwe mwambo ungafere ndi kuukanso. M'mudzi wa Hoegaarden wofulula womaliza anatseka mu 1957, ndipo mu 1966 Pierre Celis, amene ankagulitsa mkaka ndipo anathandizapo pa ntchitoyi ali mnyamata, anayambanso kuufulula. Saison ndi wa m'mafamu a chigawo cha Hainaut, ndipo kale unkafululidwa m'nyengo yozizira kuti udzamwedwe ndi antchito a m'munda nthawi yokolola.

N'chifukwa chiyani mowa wambiri wa kumeneko ndi waukali chotere?

Chimodzi mwa zifukwa zake ndi lamulo la mu 1919, lodziwika ndi dzina la nduna Émile Vandervelde, limene linaletsa kugulitsa zakumwa zotchezedwa m'malo omwera pofuna kuchepetsa uchidakwa pakati pa anthu ogwira ntchito. Lamuloli linakhalapo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'nthawi imeneyo mowa waukali unapeza msika. Chifukwa china ndi shuga amene amathira powiritsa, yemwe amakweza ukali popanda kulemeretsa mowawo.

Apa mpofunika kuchenjeza mosabisa. Duvel ali ndi 8.5 peresenti, Chimay wa chizindikiro chobiriwira ngati mtambo ali ndi 9, ndipo Rochefort 10 amapitirira 11. Botolo limodzi laling'ono lotere limafanana ndi awiri a mowa wamba, koma limatsika kukhosi mosavuta. A ku Belgium amaumwa pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi chakudya kapena tchizi. Werengani nambala ya pa botolo musanayambe, ndipo musalawe m'mimba muli njala.

Kodi n'zoona kuti mowa uliwonse uli ndi tambula yakeyake?

N'zoona, ndipo ogulitsa amaona ngati kupanda ulemu kuthira mowa mu tambula ya wina. Ya Orval ndi ya Chimay ndi yotakata kukamwa ngati chikho cha kutchalitchi, kuti fungo lifike pamphuno. Ya Duvel ili ngati duwa lotseka pang'ono pamwamba kuti igwire thovu lochuluka. Ya Hoegaarden ndi yochindikala, yamakona, kuti dzanja lisafunditse mowa. Ya Kwak ndi yobulungira pansi moti singaime yokha, ndipo imabwera itakolekedwa pa kathabwa.

Yang'anitsitsani wothirayo. Amatsuka tambula ndi madzi ozizira, amaipendeka, amathira pang'onopang'ono kenako amaiimika kuti thovu likwere, ndipo pa mowa wowira m'botolo amasiya pang'ono pansi kuti nsenga za yisiti zisalowe. Thovulo musadandaule nalo ngati kuti akuberani. Limatchinga mowa kuti mpweya usauononge ndipo limasunga fungo.

Kodi padenga pamakhala chiyani, ndipo ndisankhe mowa uti?

Ulendo umathera pa bala ya padenga, pamene mumaona nsanja ya holo ya mzinda ya pa Grand-Place ndi madenga a chigawo chakale cha Brussels. Apa ndi pamene mumalandira cholawa cha pa tikiti yanu. Uphungu wathu ndi woti musasankhe dzina limene mukulidziwa kale, chifukwa limenelo mungalipeze kulikonse. Tsatirani zimene kompyuta ija inakuuzani, kapena funsani wogulitsa kuti akupatseni wowawasa ngati simunaulawepo. Mukakhala awiri kapena atatu, aliyense atenge wosiyana kuti muyerekeze maonekedwe ndi fungo; mukatero zimene munaona m'chipinda cha yisiti zimamveka bwino.

Sindimwa mowa, kapena ndili ndi ana. Kodi ndi malo oyenera ife?

Palibe amene amakakamizidwa kumwa, ndipo pamalo pa mowa mungathe kulandira chakumwa chosaledzeretsa. Chionetserocho ndi cha mbiri, ulimi ndi sayansi, choncho mphunzitsi, wophunzira za zakudya kapena munthu wokonda zomangamanga apindula nacho ngakhale asalawe kadontho. Ana amaloledwa akakhala ndi akuluakulu. Malamulo a ku Belgium amalola kugula mowa wamba ndi vinyo kuyambira zaka 16, ndipo zakumwa zotchezedwa kuyambira zaka 18. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kukhala pamalo ogulitsira mowa, mungathe kuona holo ya pansi ndi mabwinja a pansi pa nthaka, osakwera padenga.

Oyendetsa galimoto akumbukire kuti malire a mowa m'magazi ku Belgium ndi magalamu 0.5 pa lita, ndipo botolo limodzi la mowa waukali lingathe kuwafikitsa pamenepo.

Kodi nyumbayo payokha ili ndi mbiri yotani?

Inamangidwa pakati pa 1868 ndi 1873 motsatira mapulani a Léon-Pierre Suys, pa nthawi imene meya Jules Anspach ankakwirira mtsinje wa Senne, umene unali utasanduka ngalande ya zonyansa yofalitsa kolera, ndi kumanga misewu ikuluikulu pamwamba pake. Mmodzi mwa amisiri amene anasema zokongoletsa zake anali Auguste Rodin, asanatchuke. Malonda a masheya atasamukira pa makompyuta nyumbayi inatsala yopanda ntchito yeniyeni, ndipo ntchito yoikonzanso inayamba mu 2020. Masitepe ake ndi malo amene anthu a mu Brussels amasonkhana pa chisangalalo ndi pa chisoni pomwe. Zigawenga zitaphulitsa mabomba mumzindawu pa 22 Malichi 2016, anthu anadzaika maluwa ndi makandulo pamenepa.

Pansi pa nthaka, pambali pa nyumbayi, pali mabwinja otchedwa Bruxella 1238, otsalira a nyumba ya amonke a chipani cha Franciscan amene anakhazikika pamalopa m'chaka chimenecho. M'tchalitchi chawo munaikidwa Jean I, wolamulira wa Brabant, amene anamwalira mu 1294. Nthano ina imati dzina lake lakuti Jan Primus ndilo linasanduka Gambrinus, munthu wa m'nthano amene azungu amamutcha mfumu ya mowa.

Ndamva kuti ena sagwirizana ndi malowa. Vuto ndi chiyani?

Madandaulo alipo awiri. Loyamba ndi la ndalama: kukonza nyumbayi kunadya pafupifupi mayuro 90 miliyoni, ambiri mwa iwo a boma, ndipo anthu ena a mumzindawu anafunsa ngati kunali koyenera kupereka gawo lalikulu la nyumba ya anthu onse ku alendo odzaona malo. Lachiwiri linachokera kwa ofulula ena ang'onoang'ono, amene anaona kuti mawu a makampani akuluakulu ndi amene angamveke kwambiri. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko m'dziko limene muli likulu la AB InBev, kampani yofulula mowa yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, yomwe ili ku Leuven.

Maganizo athu ndi akuti malowa amagwira bwino ntchito yotsegula maso a munthu wachilendo, koma sangalowe m'malo mwa kukaona wofulula ali pantchito. Yambani kuno kuti mudziwe maina ndi njira, kenako pitani kumodzi mwa malo amene tawatchula pansipa.

Ndi malo ena ati amene ndingaphatikize pa ulendowu?

Oyamba ndi Cantillon, ku Anderlecht, pafupi ndi siteshoni ya Brussels-Midi. Banja limeneli lakhala likufulula lambic kuyambira mu 1900, ndipo mu 1978 linatsegula nyumba yake kwa alendo monga malo osungirako mbiri ya gueuze. Kumeneko mukaona ndi maso chibeseni chamkuwa chija, mizere ya migolo yolembedwa ndi choko, ndi maukonde a akangaude amene sawasesa chifukwa akangaudewo amagwira tintchentche tokopeka ndi zipatso. Fungo la matabwa onyowa ndi mowa wowawasa limakulandirani pakhomo pomwe.

Pa Grand-Place, nyumba ya nambala 10 ndi ya bungwe la ofulula kuyambira kalekale. Ku Bruges kuli Bruges Beer Experience pafupi ndi bwalo la Markt, komanso De Halve Maan, amene mu 2016 anakumba paipi ya makilomita opitirira atatu pansi pa mzinda kuti mowa uziyenda kupita kodzazira mabotolo popanda malole kuononga misewu yakale. Ku Poperinge kuli malo oonetserako mbiri ya hops. Mukatuluka mu Bourse muli ndi njala, malo odyera ozungulira pamenepo amaphika carbonnade, nyama ya ng'ombe yofutsidwa mu mowa wakuda ndi anyezi, imene amadyera tchipisi.

Ndi nyengo iti yabwino kupitako, ndipo ndingatengere mowa kunyumba?

Chionetserocho chili mkati, choncho mvula ya ku Brussels siikulepheretsani, koma padenga pamakoma kuyambira Meyi mpaka Sepitembala pamene dzuwa limachedwa kulowa. Kumayambiriro kwa Sepitembala pa Grand-Place pamachitika chikondwerero cha Belgian Beer Weekend. Wofuna kuona lambic akufululidwa apite m'miyezi yozizira, pa chifukwa chimene tachitchula pa funso la lambic.

Mabotolo amagulitsidwa m'masitolo ambiri a m'chigawochi, ndipo m'masupamaketi mitengo imakhala yotsikirapo kusiyana ndi m'mashopu a alendo. Mowa sungalowe m'chikwama cha m'manja pa ndege, choncho kulungani botolo lililonse m'pulasitiki ndi m'chovala, n'kuliika pakati pa sutikesi yopita kukatundu. Funsiranitu malire a zakumwa zimene dziko lanu limalola kulowetsa popanda msonkho. Mukafika, imikani mabotolo pamalo ozizira ndi amdima kwa masiku angapo musanatsegule, kuti yisiti imene yavunduka paulendo ikhazikikenso pansi.